Kuchokera ku Bembeke Kutsikira ku Chigwa: Za Mwana Amene Adakhala Chete



Mwezi uno tifuna kukusimbirani za ulendo umene tidayenda kumapeto kwa Meyi, kuchokera ku mapiri a Bembeke kutsikira ku chigwa cha kunyanja. Tidanyamuka ndi cholinga chimodzi chokha, ndicho kukatseka mwezi wa Amayi Maria pamodzi ndi Akhristu a tchalitchi china chaching'ono cha kumudzi. Koma Mulungu, amene ayendetsa mapazi a anthu monga afuna Mwini, adatikonzera ntchito ina panjira, ndipo tidabwerako ndi phunziro limene sitingathe kulisunga tokha. Chifukwa chake tikupemphani kuti tsamba lino liwerengedwe mokweza m'banja, abambo ali pomwepo, agogo ndi amalume ali pomwepo, pakuti nkhaniyi si ya amayi okha ayi.

KUNYAMUKA KU BEMBEKE

Tidadzuka pa 30 Meyi kusanache, nkhungu itakuta mitengo ndi nyumba, kotero kuti tchalitchi chachikulu chidaoneka ngati chithunzithunzi chabe. Iwo amene sadagonepo kuno sadziwa kuti m'dziko lathu lino muli malo amene munthu aotha moto m'mawa zala zitauma ndi chisanu. Mishoniyi ili pamwamba, mamita opitirira 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, moyandikana ndi phiri la Dedza la mamita 2,198. Idatsegulidwa mu 1910 ndi ansembe a White Fathers, ndipo pano mpamene padali mpando wa Ambuye Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa ubishopu, mu 1957.

M'galimoto ya parishi mudali aphunzitsi a katekisimu, amayi awiri a Legio ya Maria, mnyamata woyendetsa, ndi ife olemba. Mmodzi wa amayiwo adagwira ntchito ya uzamba m'chipatala zaka zambiri, napuma atakalamba. M'nkhani ino tidzawatchula Amayi Mzamba, monga awatchula anthu onse kwathu.

Pa msewu waukulu wa M1 tidakhotera kumwera. Chigawo chino msewu womwewo ndiwo malire: kudzanja lamanzere Malawi, kudzanja lamanja Mozambique, koma anthu a mbali zonse ziwiri alankhula chinenero chimodzi, nakwatirana, nagulitsa mbatata ya kachewere, kabichi ndi nyemba m'mphepete mwa msewu umodzimodziwo. Tidagula ndowa ya mbatata kuti tikapatse otilandira, pakuti kuchigwa mbatata yotere ndi chakudya cha alendo.

PA KHWEKHWERERE

Pa Masasa tidasiya msewu waukulu ndi kuloza kum'mawa, ndipo posachedwa dziko lidayamba kupendekeka pansi pathu. Uwu ndiwo msewu wa Khwekhwerere, wokhotakhota ngati njoka yothawa moto, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Woyendetsa wathu, amene acheza kosalekeza pa msewu wowongoka, pano adakhala duu, manja onse awiri pa chiwongolero. Pa khonde lina la phiri tidaima, nkhungu itatsala kumbuyo, ndipo taonani, chigwa chonse chidayalika patsogolo pathu: minda ya chimanga chouma, midzi ndi utsi wake, ndi kutali nyanja ikung'anima ngati chitsulo chosulidwa kumene. Aphunzitsi adavula chipewa, nayamika Mlengi mwakachetechete.

Nyanjayo ili mamita osakwana 500 kuchokera pa nyanja yamchere. Motero mwa nthawi yochepa munthu atsika mamita opitirira 1,000, nachoka m'chisanu kulowa m'thukuta. Tidavula majuzi limodzi ndi limodzi. Mitengo ya kumapiri idatha, milambe idayamba, ina yaikulu yoti amuna asanu sangaifungatire. Pa Golomoti tidapeza msewu wa M5 wa kunyanja, ndi njanji imene idafika ku Salima mu 1935, ndipo tidakhotera kumpoto, m'dziko la Kachindamoto.

KU MUA

Dzuwa lisanafike paliwombo tidalowa pa mishoni ya Mua, pansi pa mapiri omwe aja tidatsika, pambali pa mtsinje wa Nadzipokwe. Pano ansembe a White Fathers adamanga misasa yawo mu 1902, ndipo mu 1927 padatsegulidwa malo osamalira odwala khate, amene masiku amenewo adali osowa wowalandira. Nyumba za njerwa zofiira, makonde ake aatali ndi mithunzi ya mitengo yakale zikumbutsa mlendo za anthu ambiri amene adatopa ndi kufa pano chifukwa cha Mthenga Wabwino ndi chifukwa cha odwala.

Tidacheza pa Kungoni, pamene Bambo Claude Boucher a ku Canada adayambitsa ntchito ya zosemasema mu 1976, ndipo tidalowa m'nyumba ya Chamare, mosungidwa miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuyambira kubadwa kwa munthu kufikira maliro ake. Amayi Mzamba adaima nthawi yaitali pa zonena za pakati ndi kubadwa kwa mwana, ndipo potuluka adati: "Makolo athu adatchinga mayi wapakati ndi malamulo ambiri, ndipo adachita chifukwa cha chikondi. Koma lilipo limodzi limene landilanda ana ambiri m'manja mwanga, ndilo lakuti za m'mimba sanena." Ife tidavomereza ndi mitu yokha, osadziwa kuti mawuwo adzatipeza tsiku lomwelo.

M'MUDZI

Dzuwa litapendeka tidasiya msewu wa phula ndi kulowa m'kanjira kamchenga koloza kunyanja, pakati pa migwalangwa ndi milambe. Mudzi umene tidafikako sitiutchula dzina. Anthu adali atakolola, nkhokwe zitadzaza, ana akusewera m'mapesi. Koma amuna achinyamata adali ochepa, pakuti ambiri adali ku gombe kukapha usipa. Akhristu adatilandira ndi nyimbo ndi nthungululu, natipatsa madzi ndi mipando.

Madzulo tidasonkhana m'katchalitchi kawo kupemphera Kolona. Popeza m'mawa mwake lidali chaka cha Maria Woyera kukacheza kwa Elizabeti, chimene Eklezia adachisuntha mu 1969 kuchoka pa 2 Julayi kudza pa 31 Meyi, aphunzitsi adafotokoza za ulendo umenewo monga ausimba Luka Woyera pa mutu 1: kuti Maria adakwera kumapiri mofulumira, ndi kuti Yohane Mbatizi, ali m'mimba mwezi wachisanu ndi chimodzi, adayankha moni wa mlendoyo mwa kutakataka, ndipo mayi wake adamva, nazindikira, nanena poyera. Pamene adali kulankhula tidaona mtsikana wina wapakati atakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, manja onse awiri pamimba, osaimba, osakweza maso. Tidayesa kuti ndi kutopa.

ODI WA USIKU

Titadya nsima ya usipa, mdima utagwira, tidamva "Odi!" wapansipansi. Adalowa agogo ena okalamba, nagwada pambali pa Amayi Mzamba, nati: "Amayi, pepani kukudzutsani pa mphasa. Ndili ndi mdzukulu wanga, ndi wodwala, miyezi 8, mimba yoyamba. Zija anena aphunzitsi zamuliza. Akuti wakeyo sakumumva monga kale."

Amayi Mzamba sadafunse kawiri. Adatenga nyali, natsagana nawo. Ife amuna tidatsala pabwalo, monga ayenera mwambo, ndipo zimene zidalankhulidwa m'nyumbamo tidazimva pambuyo pake, eni ake atalola kuti tizilembe popanda maina.

"Mwana wanga," adatero Amayi Mzamba, "masiku onse amasewera nthawi yanji?"

"Usiku ndikangogona, amayi, ndiponso m'mawa ndikamwa phala. Amandimenya mpaka ndimaseka ndekha."

"Nanga dzulo?"

"Kawiri kokha, mofooka. Lero kamodzi, masana."

"Mutu ukuwawa?"

"Masiku atatu tsopano. Mphete yandithina, ndipo nthawi zina ndikuona mwachimbuuzi."

Adatenga kabuku kake ka kusikelo, naona kuti adapitako kawiri kokha, naleka m'mwezi wa 6 chifukwa cha kukolola ndi kutalika kwa njira. Pomufunsa chifukwa chimene sadanene dzulo, mtsikanayo adati: "Ndidawauza amayi anga, adati mwana akayandikira kubadwa amapuma, malo amamuchepera. Kwa ena ndidachita manyazi, ndiponso mantha, kuti mwina amva osayenera kumva."

Amayi Mzamba adatuluka, napempha kuonana ndi mwini mbumba. Adadza amalume ake a mtsikanayo, munthu wamkulu, waulemu, ndipo atamva zonse adati: "Amayi, mawu anu tawamva, ndipo sitikukana. Koma mwamuna wake ali pa nyanja, foni sakuyankha. Usiku si nthawi yoyenda ndi munthu wodwala. Kuche, tidzaone."

Adayankha Amayi Mzamba, atagwada ndi kuwomba m'manja: "Bambo, mbumba ndi yanu, mawu otsiriza ndi anu. Koma ndiloleni ndinene chimodzi. Mwana wa m'manja akadwala alira, mudzi wonse numva. Mwana wa m'mimba alibe mawu. Kulira kwake ndiko kukhala chete. Uyu wakhala akulira masiku awiri. Galimoto ilipo usiku uno, mawa ikwera phiri."

Mkuluyo adayang'ana pansi kanthawi, ife tonse tili zii. Pamenepo adadzuka, nati: "Ndionetsetse adathetsa nkhosa. Mutengereni zitenje ndi beseni. Ndipita nawo ndine, mkamwini ndidzamuyankha ndekha."

Tidayenda nthawi yopitirira ora limodzi. Pa khwawa lina louma galimoto idatitimira mu mchenga, ndipo tidatsika tonse kukakankha, amalume aja patsogolo pa ife tonse. Kutali kum'mawa nyali za asodzi zidandandalika pa madzi ngati mudzi woyandama, ndipo mtsikanayo adaziyang'ana osanena kanthu, podziwa kuti imodzi mwa izo ndi ya mwamuna wake.

KU CHIPATALA

Anamwino a usiku adamulandira msanga. Adatenga kachipangizo konga lipenga laling'ono, kamene adakakonza dokotala wa ku France, Adolphe Pinard, mu 1895, nakaika pamimba, natchera khutu. Mtima wa mwana wosabadwa ugunda ka 110 kufikira ka 160 pa mphindi imodzi, mofulumira kuposa wa munthu wamkulu. Adaupeza. Pamenepo adatenga kamakina kokweza mawu kuti mayi nayenso amve, ndipo agogo aja, amene adali ataima pakhomo, adakhala pansi ndi kulira.

Koma kumveka kwa mtima sikudathetse nkhani. Magazi a mayiyo adapezeka akuthamanga kwambiri, mkodzo udaonetsa kuti impso zavutika, ndipo pomuunika ndi makina adaona kuti mwana ndi wochepa pa miyezi yake, ndi madzi omuzungulira achepa. Adokotala adafotokozera amalume kuti nsengwa, imene ipatsa mwana chakudya ndi mpweya kudzera mu mchombo, yatopa isanathe ntchito yake. Adampatsa mayiyo mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi ndi oletsa kukomoka, nati adzamvetsera mtima wa mwana usiku wonse.

PHUNZIRO LA PA MOTO

Ife tidakhala panja, pafupi ndi chidikiro, nyumba ija mokhala amayi ochokera kutali podikira tsiku lawo. Operekeza odwala adali atasonkha moto, natipatsa malo. Pamenepo Amayi Mzamba adatiphunzitsa, ndipo zimene adanena tizilemba pano mwadongosolo, kuti banja lililonse lizisunge.

Choyamba, za nthawi. Mayi ayamba kumva mwana pakati pa sabata ya 16 ndi ya 24. Wa mimba yoyamba kawirikawiri achedwerapo, pakuti sadziwa msanga chimene akumva. Ikakwana sabata ya 24 asanamve kanthu, apite kusikelo akamuone. Kusewerako kunka kuchuluka kufikira sabata ya 32, ndipo kuyambira pamenepo kukhala chimodzimodzi mpaka tsiku lobadwa, ngakhale pa nthawi ya matenda yomwe. Kasewedwe kangasinthe, kumenya kusanduka kudziwongola ndi kutembenuka, koma kuchuluka kwake ndi mphamvu yake sizichepa. Tsono mawu aja akuti mwana apuma akayandikira kubadwa, ngakhale anenedwa ndi anthu otikonda, si oona ayi.

Chachiwiri, za tulo. Mwana agonadi m'mimba, usana ndi usiku, koma tulo take ndi ta mphindi 20 kufikira 40, ndipo sikawirikawiri kupitirira mphindi 90. Mwana wokhala chete theka la tsiku sali m'tulo wamba.

Chachitatu, za kuwerenga. Palibe nambala imodzi yoyenera ana onse. Wina ndi wotakataka, wina wofatsa, ndipo wodziwa chizolowezi cha mwana ndiye mayi wake yekha. Pogwira ntchito, posinja kapena potunga madzi, mayi angathe kusamva bwino. Chifukwa chake, kuyambira sabata ya 28, ngati akayika, asiye ntchito, agone chammbali kumanzere pamalo a phee, natenge njere 10 za chimanga, nasunthe njere imodzi nthawi iliyonse mwana akagunda. Akatha maora 2 njere zisanathe, anyamuke nthawi yomweyo. Koma iye amene adziwa kale mumtima mwake kuti mwana wachepetsa kusewera, kapena wafooka, kapena waleka, asataye nthawi ndi njere. Ndipo ngakhale njere zitatha, mtima ukapanda kukhazikika, apite ndithu. Asadikire kuti kuche, asadikire tsiku la sikelo, asayese kudzutsa mwana ndi madzi ozizira kapena thobwa, ndipo asamwe mankhwala azitsamba onga mwanamphepo.

Chachinayi, za chifukwa chake. Mwana akapewa mpweya ndi chakudya asunga mphamvu yotsalayo kuti itumikire mtima ndi ubongo, naleka kusuntha miyendo ndi manja. Zofooketsa nsengwa ndi zambiri: kuthamanga kwa magazi, malungo amene abisala mu nsengwa ngakhale mayi asakumva kudwala, matenda a shuga, fodya, ndi mimba yopitirira masabata 41. Kuchepa kwa magazi, chindoko chosachizidwa, ndi mowa nazonso ziika mwana pangozi. Zambiri mwa izi zipezeka kusikelo zisanakule. Ndicho chifukwa chake mu 2016 bungwe la World Health Organization lidalangiza kuti mayi aonedwe ka 8 pa mimba imodzi. Dziko lathu lidali loyamba mu Africa, mu 1993, kuyamba kupatsa amayi apakati mankhwala a Fansidar oteteza malungo. Mayi awalandire kuyambira mwezi wa 4, nagone m'masikito usiku uliwonse, ndipo kuyambira sabata ya 28 azolowere kugona chammbali, osati chagada.

Chachisanu, za zizindikiro zina zimene sizilola kudikira: kutaya magazi, kusweka kwa nsupa nthawi isanakwane, mutu waukulu ndi chimbuuzi m'maso, kutupa kwa nkhope ndi manja, kutentha thupi, kupweteka kwa m'mimba kosalekeza, ndi kukomoka.

Aphunzitsi adafunsa kuti: "Nanga munthu akayenda mtunda wonsewo, napeza kuti mwana ali bwino, sadzasekedwa kodi?" Amayi Mzamba adati ofufuza apeza kuti mwa amayi 10 amene adandaula kamodzi za kuchepa kwa kusewera, pafupifupi 7 atha mimba yawo popanda vuto, koma apezanso kuti pafupifupi theka la amayi amene ana awo adafera m'mimba adaona kusinthako zisanachitike. "Palibe angadziwe ali kumudzi kuti iye ali mbali iti," adatero. "Wobwerera kwawo atauzidwa kuti zonse zili bwino sadataye ulendo, ndipo zikachitikanso mawa lake, abwerenso, ngakhale kachitatu."

MAYI WA KUCHIDIKIRO

Pamoto pomwepo padali mayi wina wa kuchidikiro amene tulo tidamusowa, ndipo adamvetsera zonse osalankhula. Potsiriza adati: "Zimenezo ndikadazimva kale. Wanga woyamba adakhala chete Lachitatu, ine ndidafika kuchipatala Loweruka. Adamuika amayi achikulire okhaokha, masana, popanda kulira, monga achitira ndi mtayo, ndipo adandiuza kuti ndiiwale. Ine sindidaiwale. Pa mimba ino ndabwera sabata zitatu nthawi isanakwane, ndipo mbuzi yolipirira ulendo adagulitsa ndi bambo akunyumba."

Amayi Mzamba adamugwira dzanja, namuuza kuti mlandu suli pa iye, pakuti adachita monga adaphunzitsidwa. Ndi kuti alipo ana ena amene atisiya ngakhale mayi atathamanga ndi madokotala atachita zonse. Mu 2020 mabungwe a United Nations adalengeza kuti pa dziko lonse ana pafupifupi 2 miliyoni abadwa atafa kale chaka chilichonse, ndiko kuti mwana mmodzi pa masekondi 16 alionse. Kumbuyo kwa aliyense wa iwo kuli mayi wonga uyu. Tikupemphani, Akhristu a m'miphakati, musawazembe amayi otere, kapena kuwafunsa chimene adalakwa. Kawachezereni, alekeni alire, ndipo atchuleni m'mapemphero ana awo, amene Eklezia awapereka ku chifundo cha Mulungu ndi chiyembekezo.

M'BANDAKUCHA

Atambala oyamba atalira, anamwino adatuluka mofulumira kudzaitana amalume: mtima wa mwana udayamba kutsika, ndipo adokotala adafuna kuchita opareshoni. Mtsikanayo adavomera, amalume ake navomereza, ndipo ife tidagwada pa khonde ndi Kolona m'manja. Kum'mawa kutayamba kufiira tidamva kulira kwakung'ono, konga kwa kamwana ka mbuzi. Adali mwana wamkazi, wochepa thupi, koma wamoyo. Adokotala sadanene zambiri. Adangoti nsengwa idali yaing'ono, ndi kuti adachita bwino kubwera usiku. Mayi atatsitsimuka adamuika khandalo pachifuwa, khungu ndi khungu, nalimanga ndi chitenje, monga mwa njira ya kangaru imene idayamba ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, nifika pa chipatala cha Zomba mu 1999.

Dzuwa litakwera adafika mwamuna wake pa kabaza, zovala zikali kununkha nsomba, nkhope ili gwaa ndi mantha. Adagwada patsogolo pa amalume aja, ndipo iwo adati: "Mkamwini, ndakutengerani mkazi usiku osakupemphani. Ngati ndi mlandu, ndilipira." Mnyamatayo adalephera kuyankha, adangowomba m'manja, misozi ili m'masaya.

Tidabwerera kumudzi kuja mochedwa, maso ali ofiira, ndipo mapemphero a chaka adachitika masana m'malo mwa m'mawa. Atatha, amalume aja adapempha kulankhula, nauza anthu kuti kuyambira tsiku limenelo, mu mbumba yawo, mayi wapakati akanena kuti mwana wakhala chete, wopezeka pakhomo ndiye amperekeze, osadikira mwamuna kapena mwini mbumba. Anyakwawa adati mawuwo akhale a mudzi wonse. Mayi ake a mtsikana uja adadza kwa Amayi Mzamba mwamanyazi, nati iwonso adangonena zimene adauzidwa ndi amayi awo. Ndipo adayankhidwa kuti tsopano ali ndi mawu ena oti adzauze mdzukulu wawo.

KUKWERA PHIRI

Tidakwera Khwekhwerere dzuwa likulowa, milambe ikutsala kumbuyo, majuzi tikuvalanso limodzi ndi limodzi. Pa khonde lija tidaima dzulo lake tidaimanso, ndi kuyang'ana chigwa: midzi yambirimbiri, ina kutali ndi msewu, ndipo m'mudzi uliwonse amayi oyembekezera. Galimoto ya parishi siidzapezeka m'midzi yonseyo usiku wa tsoka. Chifukwa chake tikupemphani, inu abambo, konzekeranitu mimba ikali yaing'ono: sungani ndalama ya ulendo, dziwani mwini njinga yamoto kapena ngolo amene mungamudzutse usiku, ndipo ngati chipatala chili kutali, lolani amayi akakhale kuchidikiro nthawi isanakwane. Inu agogo ndi apongozi, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mtsikana akadza kwa inu ndi nkhawa yake, musamutonthoze ndi mawu akuti adikire, koma mutengereni chitenje. Ndipo inu amayi oyembekezera, mudziweni mwana wanu asanabadwe, nthawi yake yosewera ndi nthawi yake yogona. Akasintha, nenani msanga, pakuti Elizabeti Woyera sadabise chimene adamva m'mimba mwake, ndipo Amayi Maria sadazengereze pa ulendo wokathandiza mbale wawo.

Tidafika ku Bembeke usiku, nkhungu itabwerera pamalo pake. Patapita sabata ziwiri tidalandira uthenga wakuti mayi ndi mwana atuluka m'chipatala, ndi kuti khandalo likuyamwa bwino. Muwakumbukire m'mapemphero anu a madzulo, pamodzi ndi mayi uja wa kuchidikiro, ndi anamwino onse amene achezera usiku pamene ife tigona.